Mfutso Pamwamba, Mbuzi Pansi

Dziko la Zilibwino simungalipeze pamapu, koma anthu ake savuta kuwazindikira. Mukamuponda phazi munthu wa kumeneko, wopepesa amakhala iyeyo. Mukamufunsa mmene wadzukira, ngakhale denga litamugwera usiku, amayamba wanena kuti wadzuka bwino, kaya anzathu, kenako n'kufunsa ngati muli ndi nsungwi zobwereketsa. Ulemu ndiyo mbewu yokhayo imene sinakanikepo kumeneko, ngakhale chaka cha chilala.

Wolamulira dzikoli anali Mfumu Mwadyanji Wachiwiri, munthu wansangala, wamimba yotsogola, amene ankakonda anthu ake kwambiri, makamaka akakhala kuti sakupempha kanthu. Chimene chinkamuvuta n'chakuti sankadziwa zofuna zawo. Akawafunsa pamsonkhano, ankayankha kuti zonse zili bwino. Akawafunsa mseri, ankati chilichonse chimene mfumu yaona. Nkhaniyi inkamusowetsa tulo masana, nthawi imene ankayenera kupuma atadya.

Kenako kunabwera a Sankhulani. Anali mwana wa m'dzikomo ndithu, wobadwira kuseri kwa msika, koma anakakhalitsa kunja akuphunzira za chuma. Anabwerako ndi magalasi, jekete lokhuthala ndi chikhulupiriro chakuti zokhumba za mtima wa munthu zingathe kufoletsedwa pamzere ngati ana a sukulu. Mfumu inawakhazikitsira unduna watsopano, Unduna wa Zokhumba za Anthu, ndipo inawapatsanso galimoto.

Poyamba a Sankhulani anafuna kuyeza chimwemwe chenichenicho. Anatumiza alembi kumidzi atanyamula kachingwe, kuti munthu akaluma chinthu iwo aziyeza kutalika kwa kumwetulira kwake. Njirayi inafa msanga. Anthu a ku Zilibwino amamwetulira mofanana, kaya mwawapatsa uchi kaya mankhwala a malungo, ndipo amene anapambana dziko lonse anali mkulu wina wopanda mano yemwe sanapatsidwe kalikonse.

A Sankhulani sanagwe ulesi. Anaimirira m'bwalo la nduna, navula magalasi, nawavalanso.

"Mfumu, ndavomera kuti chimwemwe chilibe sikelo," anatero. "Koma sitifunika kudziwa kuti munthu amakonda chinthu makilogalamu angati. Tingodziwa chimene amaika patsogolo ndi chimene amaika pambuyo. Ndipo tisamufunse, chifukwa pakamwa pamanama. Timuikire mbale ziwiri, tione kumene dzanja lake liyambe kupita. Dzanja silinama."

Nduna zinzawo zinaomba m'manja. Mawu akuti dzanja silinama anazikomera kwambiri, ngakhale kuti zingapo zitatha kuomba zinabisa manja m'matumba.

A Sankhulani anawonjezera kuti munthu wa mutu wabwino amakonda zinthu molunjika: akakonda mbuzi kuposa nkhuku, ndi nkhuku kuposa nyemba, ndiye kuti mbuzi amaikonda kuposa nyemba, zivute zitani. Zotsatira zonse zidzaonetsedwa pa makwerero aatali amene adzaimikidwe pakati pa msika wa Tsitsaniko. Chokondedwa koposa chidzapachikidwa pasitepe yapamwamba, chodedwa pansi penipeni. Mfumu inavomera, pokhala kuti nthawi ya chakudya inali itakwana.

Pamsika wa Tsitsaniko pomwepo panali mayi wina dzina lake Nachisale, wootcha kanyenya wa mbuzi. Chiwaya chake anachisiyiridwa ndi malemu mwamuna wake, ndipo ndicho chinkadyetsa ana ake, kuwaveka ndi kuwatumiza kusukulu. Analibe munda, analibe m'bale wolemera. Anali ndi chiwaya chija, mpeni, tsabola wa kambuzi ndi dzanja lodziwa nthawi yotembenuza nthiti. Utsi wake ukangokwera masana, anthu ankapezeka kuti njira yachidule yopita kulikonse ikudzera pamenepo. Nachisale ankanyadira ntchito yake, ndipo sankabisa.

Tsiku loyesa litafika, alembi anayala nsalu yoyera patebulo, asilikali naima m'mbali. Nyama yoyesera anaigula kwa Nachisale yemweyo. M'mbale imodzi anaikamo kanyenya wofuka nthunzi, m'mbale ina mfutso wa nkhwani, masamba ouma aja osungira nthawi ya mavuto, wophika wopanda ngakhale nsinjiro. Anthu ankaitanidwa mmodzimmodzi.

Apa ndiyenera kufotokoza chinthu chimene ku Zilibwino ngakhale mwana wongoyamba kuyenda amachidziwa. Mlendo akapatsidwa chinthu chabwino, amakana. Mwini nyumba amati tengani, mlendo n'kunena kuti wakhuta. Mwini nyumba amati tatengani, mlendo n'kunena kuti ayi ndithu. Ndiye mwini nyumba amakwiya mwadala, n'kunena kuti mukakana mwandinyoza. Apo m'pamene mlendo amasamba m'manja n'kudya mpaka thukuta. Wolumphira nyama ulendo woyamba amatchedwa wosaleredwa, ndipo mbiri yake imafika kwawo iye asanafike.

Tsono ndani akanatambasula dzanja kulinga kunyama pamaso pa asilikali, alembi ndi msika wonse? Aliyense ankakhala pansi, kumeza malovu, kukhudza mbale ya mfutso, n'kudikira kuti amukakamize. M'malo mwake ankangomva mlembi akuitana wotsatira. Alembiwo mwambowu ankaudziwa bwinobwino, nawonso analeredwa. Koma anauzidwa kuti alembe kumene dzanja layamba kupita, ndipo kukonza nduna n'kupanda ulemu.

Nachisale nayenso anaitanidwa. Anayang'ana nyama imene anaotcha yekha, nthiti imene anaitembenuza ndi chikondi, nakhudza mfutso. Anadzuka pampando mtima ukumupweteka, koma anathokoza.

Zinthu zina zinayesedwa chimodzimodzi. Pakati pa sopo wamkulu ndi kachidutswa, anthu anasankha kachidutswa. Pakati pa nsapato zatsopano ndi zong'ambika, anasankha zong'ambika. Amene anavutitsa alembi anali mmisiri wa matabwa, a Gwirani, yemwe anakonda mowa kuposa tiyi, tiyi kuposa thobwa, koma thobwa kuposa mowa. A Sankhulani anabwera okha kudzaona munthu wa mutu wozungulirayo, namufunsa kuti zatheka bwanji. A Gwirani anayankha kuti mutu uli bwinobwino, kungoti posankha komaliza akazi awo ankadutsa. Analamulidwa kuti aziyenda molunjika pa chingwe m'mawa uliwonse mpaka maganizo awo awongoke.

Makwerero ataimikidwa, anthu anasonkhana kudzaona mtima wawo. Pamwamba penipeni, pafupi ndi mitambo, pankalendewera kamtolo ka mfutso. M'munsi mwake munali madeya, kachidutswa ka sopo ndi nsapato yopanda chidendene. Pansi, pamene agalu ankafikira, panali mwendo wa mbuzi.

Mfumu itauzidwa, inalira misozi yeniyeni. Inaitanitsa msonkhano, nikwera pansanja.

"Anthu anga, sindinkadziwa kuti mwakhala mukuzunzika chonchi," inatero. "Zaka zonsezi mumadya nyama mokakamizika, m'maukwati, m'masadaka, uku mukumwetulira kuti musandikhumudwitse. Lero ndamva kulira kwanu. Kuyambira tsiku la Chikondwerero cha Makwerero, msika uzigulitsa zokhazo zimene mumakonda. Mbuzi zonse zibwere kwa ine. Ndizidya ndekha, ine ndi nduna zanga, kuti inu mupume."

Anthu anaomba m'manja, chifukwa mfumu ikamaliza kulankhula anthu amaomba. Kumsika madzulo ake, mayi wogulitsa tomato anati mfumu ili ndi mtima waukulu, ndipo aliyense akutha kuona pamene wakulira. A Gwirani anati akhala akupempherera mtsogoleri wosenza katundu wa anthu, koma sankadziwa kuti adzamusenzera m'mimba. Ena anangopempha kuti Mulungu aipatse mfumu mano olimba pa ntchito yolemetsayi.

Nachisale sanaseke nawo. Lamulolo likangoyamba kugwira ntchito, chiwaya chake chinali kudzazima, ndipo iye sankadziwa kuti ana ake adzadya chiyani. Anachita mantha, mantha enieni osowetsa njala. Anavala chitenje chake chabwino, napita ku Unduna wa Zokhumba za Anthu, akubwereza m'njira monse mawu amene akanene. Anadikira pabenchi mpaka miyendo kuchita dzanzi. Atalowa, a Sankhulani anamulandira mwansangala, namufunsa ngati pali vuto lililonse.

"Ayi, bwana, palibe," anayankha Nachisale. "Timangokuonani."

A Sankhulani anathokoza chifukwa chowaona, namuperekeza mpaka pakhomo. Nachisale anabwerera kumsika akudzitukwana yekha. Akuluakulu anati manyazi anapha Lambe, koma sanatiuze kuti Lambeyo anasiya zidzukulu dziko lonse.

Chikondwerero chinakonzedwa mwapamwamba. Pofuna kuonetsa kuti njira ya mbale ziwiri ilibe tsankho, a Sankhulani anakonza zoti mfumu nayo iyesedwe pamaso pa anthu. Chimene dzanja lake lidzayambe kukhudza ndicho chidzakhale chakudya cha kunyumba yachifumu mpaka kalekale. Lamuloli linali litamenyedwa kale chidindo. Aliyense ankadziwa kuti mfumu idzakhudza mbuzi, ndipo mfumuyo inkaphunzira pagalasi nkhope yachisoni yoyenera munthu wodzipereka nsembe.

Nachisale analamulidwa kuti aotche mbuzi yomaliza, monga chitsanzo cha chinthu chodedwa. Anaiotcha ngati akutsanzikana ndi m'bale. Sanaumire mchere, sanaumire kambuzi, makala anasankha a mtengo wolimba. Fungo lake linadutsa pansanja ya nduna, linasokoneza oimba ng'oma, ndipo msilikali wina amene anaima chilili pafupi ndi mbendera anaoneka akutafuna mpweya.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Mwambo utangoyamba, panafika ngolo ya ng'ombe, n'kutsikamo gogo wamfupi wovala duku yoyera. Anali a Nankwenya, mayi ake a mfumukazi, amene anamva kumudzi kuti kuli chikondwerero ndipo sanaone chifukwa chotumizira uthenga. Anawakhazika pampando wakutsogolo, pafupi penipeni ndi tebulo la mbale ziwiri.

Mfumu ya Zilibwino imalamula asilikali, imasintha mayina a mitsinje, imatha kunena kuti Lachiwiri likhale Lachinayi. Koma pamaso pa apongozi ake ndi mkamwini ngati wina aliyense. Mwadyanji analimapo munda wa gogoyu pamene ankafunsira, ndipo anthu amakumbukirabe tsiku limene anagwera m'chitsamba cha minga pozemba kukumana nawo panjira. Mkamwini salumphira nyama apongozi akuona.

Mbale zinaikidwa. Mfumu inatambasula dzanja, nkhope yachisoni ili m'malo mwake, zala zikulunjika ku nthiti.  A Nankwenya anangokonza duku yawo. Dzanja lija linaima m'malere, linakhota pang'onopang'ono, n'kukatera m'mbale ya mfutso. Tsopano nkhope yachisoniyo sinafunenso galasi.

A Sankhulani analumpha ndi chimwemwe. Analengeza kuti mfumu ndi anthu ake ali ndi mtima umodzi, kuti kunyumba yachifumu kuzidyedwa mfutso mpaka kalekale, ndi kuti popeza mbuzi yakanidwa ndi aliyense kuyambira wolemekezeka mpaka wamba, palibenso chifukwa chosungira ziwaya m'dziko. Analamula asilikali kuti ayambe ndi chiwaya chimene chinali pafupi. Azimayi anaimba nthungululu chifukwa cha mfutso wa mfumu, ndipo ulendo uno anaimba mochokera pansi pamtima. Koma ataona asilikali akulunjika kwa Nachisale, nthungululu zinazima.

Nachisale anali ataima pambali pa tebulo, atagwira mbale ya nyama imene mlembi anamubwezera. Anaona asilikali akugwira chiwaya chake ndi zisanza popeza chinali chikadatentha. Kenako anayang'ana mfumu. Nkhope imeneyo ankaidziwa. Ankaiona tsiku ndi tsiku kumsika, pa anthu amene amaima kumene utsi ukupita n'kumanena kuti akungodikira mnzawo. Kulankhula ndi boma kunali kutamukanika, koma ichi chinali chinthu chimene ankachita moyo wake wonse. Anagwada, nakweza mbale.

"Tengani kachidutswa, Mfumu."

 Asilikali anaima chiwaya chili m'manja.

"Zikomo, mayi, ndakhuta," inatero mfumu.

"Tatengani, kungolawa chabe."

"Ayi ndithu. Mfutsowu wandikwana." Maso ake anali pa nthiti.

Nachisale anakwinya nkhope, monga mmene mwini nyumba aliyense amachitira. "Mbuziyi ndaotcha ndine, ndi manja angawa. Mukakana, mwandinyoza pamaso pa anthu onsewa."

Apa mfumu inapanikizika kawiri. Mkamwini salumphira nyama apongozi akuona, koma mkamwini sanyozanso mzimayi wogwada apongozi akuona. Maso onse anapita kwa a Nankwenya. Gogoyo anatembenuka pang'onopang'ono mpaka anaipatsa msana mfumu, nayang'ana kumene kunali ovina, nanena kwa wina aliyense amene angamve kuti ng'oma za chaka chino zikumveka bwino. Ng'omazo zinali zitasiya kulira kalekale.

Mfumu inadya. Inayamba ndi nthiti, inapita ku chiwindi, inabwereranso ku nthiti. Anthu anaonerera mwaulemu, ena akumeza nawo.

A Sankhulani anathamangira kutsogolo, magalasi ali pamphuno penipeni, nanena kuti zimenezi sizingawerengedwe. Chowerengedwa ndi kumene dzanja layamba kupita, osati kumene lakathera munthu atakakamizidwa. Mwadyanji anali mfumu imene nzeru zake zimadzuka ikakhuta. Inanyambita chala, nifunsa ngati nduna ikutsimikiza kuti yankho loyamba ndilo loona. A Sankhulani anatsimikiza, nawonjezera kuti mabuku onse amatero.

Mfumu inaitanitsa mbale ziwiri zoyera. M'mbale imodzi inaikamo makiyi a galimoto ya unduna. M'mbale ina inaikamo ndodo ya m'busa wa mbuzi za kunyumba yachifumu, imene sinakwanemo bwino. Inauza a Sankhulani kuti asankhe.

A Sankhulani anayang'ana makiyi. Anayang'ana mfumu, nduna zinzawo, msana wa a Nankwenya, ndi azimayi a kumsika amene anawabereka kumbuyo ali khanda. Anaphunzira kunja, inde, koma dzanja lawo linaleredwa kuseri kwa msika wa Tsitsaniko, ndipo linakumbukira kwawo pa nthawi yolakwika. Linakhudza ndodo. Kenako anaweramitsa mutu mwaulemu, nadikira kuti awauze kuti tengani makiyi.

Mfumu inapempha madzi osamba m'manja.

Lamulo silinafafanizidwe, chifukwa ku Zilibwino mfumu silakwitsa. Makwerero aja anangozulidwa n'kuimikidwa chadodolido, ndipo wofalitsa nkhani za boma analengeza kuti amisiri ndiwo anawaimika molakwika poyamba. Mbuzi inapita pamwamba, mfutso unatsikira pansi. Wina atakumbutsa kuti malinga ndi lamulo zinthu zapansi zimapita kunyumba yachifumu, mfumu inati yasenza mokwanira katundu wa anthu ake, ndipo mfutsowo ausunge okha. A Gwirani anamasulidwa pa chingwe chawo, nakondwerera ufulu wawo m'njira imene inachititsa kuti abwerere kunyumba mokhotakhota. Chiwaya chinabwezedwa kwa mwini wake tsiku lomwelo, ndipo Nachisale anachitsuka ndi mchenga akuimba.

Patapita masiku, a Sankhulani anadutsa pamsika akukusa mbuzi za mfumu kupita kudambo. Jekete lija linali paphewa, nsapato zitayera ndi fumbi. Chinkana dambolo linali mbali ina, nawonso anapezeka kuti njira yachidule ikudzera pa chiwaya. Anaima kumene utsi unkapita, nayamba kuwerenga mbuzi zimene anali ataziwerenga kale.

Nachisale anadula kachidutswa, nakathira kambuzi, nakatambasula pa nsonga ya mpeni. Anawauza kuti atenge.

"Zikomo, mayi, ndakhuta," anatero a Sankhulani.

"Chabwino," anayankha Nachisale. Anakaponya m'kamwa mwake, natafuna pang'onopang'ono akuwayang'ana. A Sankhulani anameza malovu, nagwira ndodo kuti azipita. Msika wonse unali utasiya malonda.

Nachisale anapukuta mpeni pachitenje, nadula nthiti yaikulu, yamafuta, imene ankasungira ogula odziwika.

"Tatengani, a Sankhulani," anatero. "Ine si boma."